Anapakira Zonse Koma Sanatsanzike

Lachinayi lapitali mchimwene wanga Levisoni anaimika galimoto kutsogolo kwa golosale yanga pa Mkanda, natsika ndi mkazi wake ndi zigubu zopanda kanthu. Akuti ndimubwereke zina, ndiponso agona kwanga chifukwa madzi a pa mjigo wa kuseri kwa nyumba yanga ndi okoma kuposa a pa Boma. Levi akayamba kuyamikira madzi, dziwani kuti pali chimene akufuna.

Mwana ameneyu ndi dalaivala wa thiraki. Zaka zonsezi wakhala akudutsa pa boda ya Mchinji, kulowa Zambia, mpaka kumaiko a mchenga kuja, ku Botswana ndi ku Namibia. Kumeneko n'kumene anakatola matenda. Anaona azungu akusiya dala msewu wa phula, kulowa m'chipululu ndi galimoto, kumanga tenti pamalo popanda munthu, kugona masiku angapo, n'kubwerako akumwetulira. Atandifotokozera koyamba ndinamufunsa ngati azunguwo alibe nyumba. Koma mwana wa mayi anga uyu akagwira chinthu sataya. Chaka chatha anagula kagalimoto kokalamba kokoka ndi matayala onse anayi, ndipo kuyambira pamenepo nyimbo yake yakhala imodzi: tsiku lina ndidzatenga Agnesi tikagone kuchipululu.

Agnesi ndi mkazi wake, mlamu wanga. Munthu wofatsa, wosoka bwino, koma ali ndi mphumu yoopsa. Utsi wa mbaula wokha umamutulutsa m'khitchini akugwira pachifuwa.

Mudzati ku Malawi kuno kulibe chipululu. Bwerani kwathu mwezi uno wa Okutobala mudzaone. Kupitirira midzi ya kumadzulo kwa Mkanda, cha kumalire, kuli dera limene kale linali nkhalango. Eni maesiteti anadula mitengo yonse kuwotchera fodya, atamaliza anasamuka. Kunatsala zitsa, miyala, mitsinje ya mchenga wokhawokha, ndi udzu wouma wofika m'khosi. Anthu amangoti Kuchipululu. Ukhoza kuyenda kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kupendeka osaona denga la nyumba.

Kumeneko n'kumene Levi anasankha. Kunyamuka Lachisanu, kubwerera Lamulungu.

Ndisamunamizire, kukonzekera anakonzekera. Madzulo onse a Lachinayi anali pabwalo panga, akutsitsa katundu ndi kukwezanso. Matayala a sipeya anali awiri, osati limodzi. Jeke, fosholo, chingwe chokokera, ndi matabwa oyala pansi matayala akatitimira mumchenga. Anandionetsa mmene amaphwetsera matayala pang'ono kuti galimoto iziyandama pamchenga, ngati kuti ine ndili ndi galimoto. Madzi anawagawa: akumwa, ophikira, a injini, ndi ena osakhudza pokhapokha zitavuta. Anatenga mbaula ndi makala, akuti sangakoleze moto wa nkhuni pakati pa udzu wouma. Za mankhwala a Agnesi opopera m'kamwa anafunsa mpaka mwini wake kutopa nazo.

Ine ndinangokhala pakhonde kumuyang'ana, mtima ukuti komatu mwanayu wakula.

Ndiye ndinafunsa funso laling'ono. Ndinamufunsa kuti mayi wawauza kuti akupita kuti.

Anati mayi wawauza kuti akupita ndi galimoto ku galaja ku Lilongwe. Anansi ake pa Boma akudziwa kuti wapita ku Chipata kukaona azakhali. Anzake a kuntchito akudziwa za ukwati wina ku Guilleme. Nanga ine, amene zigubu zanga zinali kale m'galimoto? Ine anandiuza kuti akupita apa pompa.

Ndinakwera kumbuyo kwa galimoto, n'kutsitsa zigubu zanga, n'kukhalira chimodzi. Ndinamuuza kuti zigubu zanga sizipita apa pompa, zimapita kumalo a dzina.

Anayang'ana kumpanda, anayang'ana kumsewu, kenako anagwada pafupi nane ngati wodzapempha mbeta.

“Kuchipululu,” anatero motsitsa mawu. “Koma achemwali, mawu amenewa athere pano. Musauze munthu, ngakhale mayi. Lonjezani.”

Ndinamufunsa kuti Kuchipululu kwake mbali iti, popeza deralo ndi lalikulu. Anati pamene galimoto idzakonde. Agnesi, amene nthawi yonseyi ankapinda zofunda, anamukumbutsa mwaulemu kuti iye yemwe ankafotokoza kuti azungu aja asanalowe m'chipululu amasiya mawu pa geti, kunena kumene akagone ndi tsiku lotuluka, kuti akachedwa anthu akawafune. Levi anangoti azungu alibe anansi ngati athu.

Apa ndiyenera kukuuzani kanthu, kuti musamutenge ngati wopepera. Bambo athu anamwalira tili ana. Anapeza ntchito ku migodi ku Zambia, ndipo chifukwa cha chimwemwe anazungulira mudzi wonse kutsanzika, khomo ndi khomo, kunena tsiku ndi basi imene akwere. Basi imeneyo inagubuduzika. Mpaka lero mayi athu sanena kuti inali ngozi. Amati amuna anga anaphedwa ndi pakamwa pawo. Ife tinakula ndi mawu amenewo monga mmene ana ena amakulira ndi Atate Wathu.

Choncho ndinalonjeza. Lachisanu m'mawa ananyamuka, ine n'kuwaimikira dzanja, fumbi n'kuwameza.

Musamuseke Levi. Ndani mwa inu sanachitepo?

Mayi wapakati akanyamuka kupita kukadikirira kuchipatala, amauza anzake kuti akukaona munda. Mnyamata akaitanidwa ku ntchito mu mzinda, amanyamuka tambala asanalire, chikwama atachibisa m'thumba la feteleza. Wa geni akamalowa Zambia kudzera njira za m'tchire, ngakhale mkazi wake amangodziwa kuti wapita kumsika. Wina timangomva kuti ali ku Joni, chonsecho dzana lomweli tinali naye pa maliro ndipo sananene kanthu.

Chodabwitsa n'chakuti ndife anthu okonda kutsanzika. Mlendo akachoka osatsanzika timamunena mwezi wathunthu. Timaperekezana mpaka kumsewu, kunyamulirana katundu, kutumizana moni kwa onse kunyumba. Mwambo wonse timaukwaniritsa bwinobwino, kungochotsamo chinthu chimodzi chokha: kumene tikupitadi.

Kale tinkati tikuopa makutu a boma. Matipate inabwera, pakamwa panatseguka. Lero m'minibasi timakalipira nduna ndi mayina awo, osaopa kanthu. Koma mufunseni yemweyo amene wangokalipira nduna kuti akutsikira pati. Adzakuyang'anani kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kukuuzani kuti chapafupi pompa. Boma tinasiya kuliopa, koma mnansi ayi.

Loweruka m'mawa ndinatsegula golosale monga mwa masiku onse. Munthu woyamba kulowa anali a Jailosi, mlimi wa mtedza wa m'mudzi wina wa m'mphepete mwa Chipululu, kasitomala wanga wakalekale. Anafuna mchere ndi machesi, osati bokosi limodzi koma paketi yonse. Ndinawaseka kuti kodi mukutsegula golosale yanu kuti mundilande makasitomala?

Anati ayi, lero ndi liwamba.

Kwa inu a m'tauni, liwamba ndi kusaka kwa gulu. Amuna a midzi ingapo amagwirizana tsiku, amazungulira tchire ndi agalu ndi zibonga, n'kuliyatsa kuchokera mbali zosiyanasiyana. Moto ukamakumana pakati, mbewa, agwape ndi kanyama kalikonse kamathawira m'manja mwawo. A Jailosi anati chaka chino agwirizana kutentha Chipululu chonse, ndipo ayatsa dzuwa likafika paliwombo, mphepo ikadzuka.

Ndinangoima, machesi ali m'manja.

Ndinawauza kuti adikire, n'kuthamangira pa chulu cha kuseri kwa golosale, pamene netiweki imagwira ikafuna. Ndinaimba foni ya Levi. Zii. Ya Agnesi. Zii. Ndinadziwa kale kuti Kuchipululu foni ndi mwala chabe, koma munthu ukasowa chogwira umagwira udzu.

Ndipo tamverani mmene chinthu ichi chinatilowera m'mafupa. Ndili pa chulu pomwepo, mchimwene wanga ali pakati pa udzu umene anthu akukawuyatsa, maganizo amene anandibwerera anali akuti: nanga ndikaulula, kenako n'kuwachitikira kanthu pamsewu pobwerera, mayi ndidzawauza chiyani? Ine, mayi wa mpingo, wopita ku Misa Lamulungu lililonse. Ndinaima pamenepo ndikuyeza lonjezo ndi moyo wa anthu awiri ngati kuti n'zolemera mofanana.

Chimene chinanditsitsa pa chulupo ndi chifuwa cha Agnesi. Levi akhoza kuthamanga. Agnesi moto sungafunikire n'komwe kumukhudza, utsi wokha ungamutsirize.

Ndinalowa m'golosale n'kunena kuti, “A Jailosi, m'tchire limenelo muli anthu. Mchimwene wanga ndi mkazi wake. Agona momwemo.”

Sanafunse kuti akutani kumeneko. Anafunsa funso limodzi.

“Mbali iti?”

Ndinati sindikudziwa.

Anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Anati a m'mudzi mwawo angathe kuwaletsa, koma a midzi ya kutsidya, cha kumalire, ananyamuka m'bandakucha, ndipo palibe wa foni pakati pawo. Iwowo adzayatsa pa nthawi imene anagwirizana. Kenako ananena mawu amene akundiwawabe mpaka pano. Anati galimotoyo ikanangoima pa mudzi, munthu n'kutsika n'kunena kuti tili uku mpaka Lamulungu, akanasuntha tsiku. Mbewa zikanawadikira.

Ndinakhoma golosale, n'kukhala pa kaliyala ya njinga yawo. Bambo amene uja ndi wachikulire, koma anapalasa ngati akuthawa njuchi. Njira yonse maso anga anali kumwamba, kumadzulo. Kunali mbee, kopanda ngakhale kamtambo, ndipo ndinkapemphera kuti kukhale choncho.

Pa mudzi tinapeza amuna atasonkhana kale pansi pa mtengo wa mango, agalu akulira ndi chidwi. Chinsinsi chimene ndinalonjeza kuti sindiuza ngakhale mayi ondibereka, ndinachilengeza pamenepo mokuwa, kwa anthu amene ambiri sindikuwadziwa ndi mayina omwe. Ena anaseka. Munthu kusiya nyumba ya malata kukagona m'tchire, walakwira ndani? Koma nditatchula mphumu kuseka kunatha.

Mayi wina amene anali kuchokera kudimba anati galimotoyo anaiona Lachisanu. Anati dalaivala anaima n'kumulonjera bwino, n'kumuuza kuti akufuna mtedza wogula ndipo akulowera ku Kapondo. Mwaona? Ngakhale pa khomo penipeni pa Chipululu, kwa munthu wotsiriza amene akanamuthandiza, Levi anasiya bodza. Mwamwayi mayiyo anali ndi maso. Anati koma anadabwa kuti wopita ku Kapondo akukhotera kumadzulo.

Tinalowa m'tchire. Amuna anamwazikana, ena pa njinga, ena pansi, akuitana dzina la munthu amene sanamuonepo. Nthaka ya Okutobala ndi youma gwa, tayala silisiya chizindikiro. Tinkangotsata pamene udzu wagona, n'kutaya, n'kupezanso. Udzu unkandicheka m'miyendo, thukuta likulowa m'maso, lilime litauma. Dzuwa linkakwera, ndipo ine ndinkaliyang'ana ngati mdani.

Kenako mmodzi analoza kumwamba.

Kutsogolo kwathu utsi unali utadzuka. Poyamba kamzere kamodzi koyera, kenako kena cha kumanja, kenako mizere yonse inalumikizana n'kuda bii. Mphepo inali kuukankhira kwa ife. Mbalame zodya ziwala zinayamba kuzungulira pamwamba pake. Posakhalitsa tinayamba kuumva motowo, kuthetheka ngati chimanga m'chiwaya, ndipo timaphulusa takuda tinayamba kutigwera pamapewa.

Sindibisa, ndinalira. Ndinkayenda ndikulira, ndikumutukwana Levi ndi mayina onse amene ndinkamutcha tili ana, ndikumupempherera nthawi yomweyo.

Chimene chinatithandiza ndi hutala ya galimoto. Tinaimva chapatali kumanzere, yaitali, yosalekeza. Tinathamangira komweko.

Tinawapeza mu mtsinje wouma. Ataona utsi, Levi anasiya tenti ndi katundu pamtunda, n'kuyesa kuthawa mwaliwiro, ndipo galimoto inatitimira mumchenga mpaka pamimba. Matabwa aja anali pomwepo. Fosholo inali m'manja mwake, akukumba ngati wamisala, n'kumathamangira kukaliza hutala, n'kubwereranso kukakumba. Zipangizo zonse zinalipo, koma ntchitoyo sinali ya munthu mmodzi. Kumtunda tenti inali itayamba kale kuyaka.

Agnesi anali atakhala pamchenga, atatsamira tayala, chitenje chonyowa chili kumaso. Mpweya wake unkalira ngati wenzulo yothyoka. Mankhwala anali m'dzanja lake, wapopera mpaka atha mphamvu. Atandiona anayesa kunena kuti alamu, koma mawu sanatuluke.

A Jailosi ndi anzawo sanataye nthawi ndi mafunso. Ena anakwera pagombe n'kuyatsa udzu wapafupi ndi machesi omwe aja, kuti moto waukulu ukafika upeze palibe chodya. Otsalawo anazungulira galimoto, mapewa pansi, wina akuwerengera, n'kuitukula ngati akusamutsa denga la nkhokwe. Inatuluka. Kutentha kunali koti nkhope imachita ngati ikusendeka, ndipo utsi unali wosaonetsa munthu amene waima naye pafupi.

Ndinakhala kumbuyo nditamufungata Agnesi, mwamuna wina ataima pachitseko kulozera njira. Mmene tinafikira kuchipatala chathu chaching'ono sindikukumbuka bwino. Ndikungokumbuka kuti milomo yake inali itasintha mtundu, ndi kuti anamwino atamuona sanatifunse kanthu, anangomulanda m'manja mwanga.

Agnesi ali moyo. Pamene ndikulemba pano akadali kuchipatala, koma akulankhula, ndipo dzulo anadya phala.

Tsopano ndifunse. Timati tikabisa ulendo tikudziteteza. Kwa ndani? Anthu amene Levi anawadutsa ndi bodza ndi omwewo amene anapsa manja kutukula galimoto yake. Sanamufunse kuti anaigula bwanji. Mmodzi mwa iwo anataya galu wake m'moto umenewo, ndipo liwamba la chaka chonse linawonongeka. Inde, anthu a kaduka alipo, sindikukana, ndakhala pa golosale zaka zambiri ndipo maso a anthu ndimawadziwa. Koma pa maliro onse amene ndapitako, sindinaonepo ndi maso anga amene anafa chifukwa chonena kumene akupita. Amene anapezeka mochedwa chifukwa abale ankawafuna kolakwika, amenewo ndawaona, ndipo inunso mwawaona.

Sindikunena kuti muziimika ng'oma pa msika. Uzani munthu mmodzi zoona zonse, malo ake enieni ndi tsiku lobwerera, ndipo mumumasule kuti zikavuta akuwe. Mukamalowa m'dera la eni, imani pa mudzi womaliza munene kuti tili muno. Kodi n'zovuta?

Zimenezi n'zimene ndinkakonzekera kumuuza Levi madzulo a Loweruka lomwelo, titakhala awiri pakhonde la chipatala. Anali wakuda ndi mwaye, nsidze zitawauka, m'manja muli matuza. Ndinamumvera chisoni, ndipo ndinati ndidikire ayambe yekha. Ndinkaganiza kuti apepesa, kapena afunsa kumene a Jailosi amakhala kuti akawathokoze.

Kenako analankhula motsitsa, mwaulemu wake wonse.

“Achemwali, ulendo uwu ndinauza munthu mmodzi yekha.”

Ndinati inde, ndipo ndinaulula, ndipo zitachitikanso ndidzaululanso.

“Sindikunena za lero,” anatero. “Dera lonse lija, masiku onse a chaka, moto n'kusankha tsiku limene ine ndilimo? Lachisanu titanyamuka, munauza ndani?”

Ndinamuyang'ana kuti mwina akuseka. Sanali kuseka. Maso ake anali a mayi athu enieni.

Ndinamuuza kuti tsiku la liwamba anthu anagwirizana kalekale, iye asanaganize n'komwe zodzatunga madzi kwanga. Anagwedeza mutu ngati munthu amene akumva koma sakulola. Anati sakundiimba mlandu, akudziwa kuti sindinachite dala, pakamwa pamaterereka. Anati waphunzirapo kanthu.

“Ulendo wina,” anatero, “ngakhale inu sindidzakuuzani.”

M'katimo anamwino anaitana mwamuna wa Agnesi, ndipo anadzuka n'kulowa. Ine ndinatsala pakhonde.

Ndikumudziwa mwana ameneyu, adzapitadi. Tsiku limenelo ndidzayambira kuti kumufuna?